Kalata kwa Jelasi

Buku ndi limodzi, ife makumi asanu ndi anayi,
chikuto chake chomata ndi selotepi.
A Nkhuwa amawerenga ali chilili,
mawu awo akulimbana ndi mahutala a minibasi za ku Matero.

Jelasi, mnyamata wa m'bukumo,
anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali
nkhondo ya eni itafika kwathu.
Lolemba tinajambula njira yake pansi ndi choko:
mitsinje itatu, phiri, msasa pafupi ndi chitseko.
Tiyese anaponda Luangwa, tinakuwa kuti wamira.

Lachitatu tinazenga mlandu wa kapitawo.
Ine ndinali mboni, nditasenza chikwama chodzaza njerwa.
Pofika pa desiki lachinayi khosi linali litauma
ndipo sindinasekenso.

Lachisanu anati timulembere kalata.
Ena anamufunsa za mfuti, ena za mikango.
Ine ndinangoti:
Jelasi, tsamba lomaliza linathothoka kalekale,
aphunzitsi akuti mathero tipeke tokha.
Ndakubweza kwanu mvula yoyamba isanagwe.
Ndakuveka nsapato za abambo anga.
Ngati zakukulira, pinda nyuzi uikemo.