Sikelo ya Baltasar

Ndinasiya ntchito Lachinayi, mvula ikugwa ku Valdivia,
ngakhale kutero n'kusanena kanthu:
kuno mvula sibwera, imakhala.
Zaka makumi anayi ndi zitatu, mano onse m'kamwa,
msana wosapindika, manja osanjenjemera,
ndinakoleka jasi loyera pamsomali
n'kubweza makiyi kwa mlonda.

Mlongo wanga Baltasar amawerengera ndalama za eni.
Anabwera Lamlungu, nsapato zikuchucha,
nakhala pansi osavula chipewa,
natembenuza envulopu ya bilu ya magetsi.
"Maso angati pa mlungu, Griselda?"
Khumi ndi awiri, ndinatero, ng'ala zokhazokha.
"Zaka zingati zinatsala?" Makumi awiri.
Pensulo inayenda, kwee, kwee,
ndipo pansi pa mzere panabadwa khamu:
anthu zikwi khumi ndi ziwiri
akupapasa zitseko, akuphonya masitepe,
akuthira tiyi pambali pa kapu.
"Awa," anatero, "ndiwo mtengo wa dimba lako la mbatata."

Sindinakane. Masamu akewo sankanama.
Ndinaphunzira ndi msonkho wa asodzi,
wa amayi oswa nkhanu kumsika wa m'mbali mwa mtsinje.
Ngongole ya kubanki ndinamaliza kalekale,
koma iyi ilibe lisiti.

Ndinangomufunsa: sikelo yakoyi imalekezera pati?
Ngati zaka makumi awiri ndi ngongole,
Loweruka nalonso ndi ngongole,
tulo ndi kuba,
khofi ukumwayu ndi diso la munthu.
Ukatsatira chingwe chimenechi mpaka kunsonga
uchipeza chili m'khosi mwako.
Iye anati ukachitsatira chobwerera
upeza munthu wopanda mangawa kwa aliyense,
ali yekhayekha pamwamba pa mulu wa ndalama zake.
Tonse tinkanena zoona,
ndipo khofi anazizira.

Chimene sindinamuuze n'chakuti
chaka chathachi ndinasiya kuona nkhope.
Ndinkaona diso lamanzere, diso lamanja, wotsatira alowe.
Mkulu wina wa ku Corral, a Nibaldo okhoma maboti,
nditawamasula bandeji analira,
nagwira dzanja langa kuti alipsompsone,
ine maso ali pa wotchi.
Ng'ala yotereyi ilibe mpeni.

Koma kodi chimenechi ndi chifukwa,
kapena ndi diresi limene ndasokera ulesi wanga
kuti ukaoneke bwino pagulu?
Ndafunsa usiku, ndafunsa masana.
Nzeru zimandiperekeza mpaka pamlatho
n'kuima, n'kunena kuti kwathu n'konkuno,
tsidya linalo pita wekha.

M'malo mwanga analemba mnyamata wa ku Temuco,
akuti dzanja lake ndi lofatsa.
Baltasar akuti zimenezo sizifufuta chiwerengero:
mnyamatayo akanatsegula ake, ine anga.
Mwina. Mwinanso ndikanatsala
tsiku lina mpeni ukanaterereka
m'dzanja la munthu amene mtima unachoka kale.
Za mawa limene silinachitike
aliyense amalemba nambala imene akufuna.

Tsopano m'mawa ndimatsikira kumsika.
Akatumbu a m'nyanja ali gada pamatabwa,
onenepa, kudikira mitu ya nsomba,
ndipo palibe wowazenga mlandu.
Ndimawasirira, koma sindine mmodzi wa iwo:
Lachiwiri lililonse, tsiku la opaleshoni,
manja anga amadzuka okha kusanache
n'kuyamba kusamba mpaka m'zigongono.

Envulopu ija ndinaisunga m'kabati ya mipeni ndi masupuni.
Mbali ina ndinalipira tsiku lisanakwane.
Mbali inayo ndimaiyang'ana
pamene ndikufuna chotsegulira chitini.

Dzulo ndinakumana ndi a Nibaldo padoko.
Anandizindikira ndili patali, ndi diso lomwe lija,
nandifunsa ngati ndili patchuthi.
Ndinati ndikulima mbatata.
Anayang'ana kumwamba, anayang'ana nsapato zanga,
nati, "Mwafulumira kubzala. Dothi likadali lozizira."