Chipinda cha Amaro

Nyumba yathu inapachikika paphiri la ku Valparaíso
ngati chisa cha namzeze pakhonde la eni,
ndipo chipinda chakumapeto, choyang'ana kudoko,
chinali chosungiramo zomwe tinkaopa kutaya:
njinga yopanda tcheni, makatoni a malisiti,
makina osokera a malemu apongozi anga.

Atatiimbira foni kuti mwana wapezeka,
wa zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Amaro,
Aníbal anakhala pansi pamasitepe
n'kufunsa funso limodzi lokha:
kodi amakonda penti yamtundu wanji?
Mayi wa kuofesi uja sanadziwe.
M'fayilo munali katemera, msinkhu, kulemera kwake,
koma zimenezo ayi.

Tinakangana sabata yathunthu.
Iye ankafuna yabuluu ngati nyanja ya m'mawa,
ine yachikasu ngati chikepe chakale chokwera phiri lathu.
Mapeto ake tinagula zitini ziwiri,
aliyense n'kutenga makoma ake.

Kuno chivomerezi sichinena odi.
Shelefu tinaikhomerera kukhoma ndi zitsulo zinayi,
kabati tinaimanga ngati katundu wa m'sitima.
Kumutu kwa bedi sitinapachikeko cholemera,
ngakhale chithunzi cha anamgumi
chimene Aníbal anachinenerera ola lathunthu kumsika.
Nsapato ndi tochi, pansi pa bedi,
monga achitira aliyense wobadwira dziko lino.

Ndinayenda chogwada m'chipindamo
kuti ndichione ndi maso a mwana.
Pokoleka jekete panali patali, tinatsitsa.
Ngodya ya tebulo inandibaya pachipumi, tinaipala.
Makatani ndinasoka pamakina a apongozi aja,
mpendero unakhota, ndinaumasula kawiri,
kachitatu ndinangousiya.

Anafika Lachinayi, mvula yozizira ya mu Juni ikuwaza,
atanyamula jumbo ya zovala
ndi kagalimoto ka matayala atatu.
Anaima pakhomo. Sanalowe.
Anayang'ana khoma labuluu, nayang'ana lachikasu,
zidole zomwe tinazindandalika ngati asilikali paperete,
kenaka anafunsa chapansipansi:
"Enawo agona pati?"
"Ena ati, mwanawe?"
"Ana enawo."

Usiku umenewo bedi linagona lokha.
Mbandakucha tinam'peza pakhomo pa chipinda chathu
atadzipinda ngati nyongolotsi, atafunda jekete yake.
Kumene anachokera ankagona khumi ndi awiri chipinda chimodzi,
wina kutsokomola, wina kubwebweta kutulo,
ndiye bata limene tinam'konzera ife
linkamuboola m'makutu.

Tinayambiranso.
Bedi tinalikoka kulichotsa pawindo, nyanja n'kuisiya kumbuyo,
tinaliika poti aziona chitseko chathu.
Aníbal anazula chitseko cha chipindacho
kuti mkonono wake,
umene ndaudandaula zaka khumi ndi zinayi,
uzimufika mwanayo ngati wailesi ya usiku.
Zidole zinam'chulukira, zina tinazibwezera m'katoni.
Iye anazikhuthula, n'kutenga katoniyo,
naiboola mawindo awiri, nati ndi sitima yake.

Papita miyezi isanu tsopano.
Dzulo ndikusesa ndinaona pakhoma langa lachikasu,
m'munsi mwenimweni, pomwe munthu wamkulu sayang'ana,
mzere wa kirayoni yofiira, wautali, wokhotakhota,
kuchokera pangodya mpaka kulowerera m'buluu wa Aníbal,
pamwamba pake kasitima,
m'kasitimamo anthu atatu a mitu ikuluikulu,
mmodzi atatsegula kukamwa, kaya akuimba kaya akuliza mkonono.

Ndinathamangira kansanza konyowa.
Ndinabwera nako, ndinagwada, ndinaima pomwepo.
Madzi anandidonthera pabondo.
Kansanzako ndinakapukutira windo.

Aníbal atabwera kuntchito ndinam'koka dzanja,
nsapato asanavule n'komwe.
Tagwada, ndinati, taona.
Mwanayu amakonda zofiira.
Sabata yonse ija tinkakangana,
tonse awiri tinaphonya.