Phukusi la ku Taiping

Lafika Lachiwiri, m'thumba lomaliza la m'mawa,
phukusi lokulungidwa m'nsalu yabuluu,
lomangidwa ndi chingwe chopota pamanja.
Pa keyala pangotsala mawu atatu:
Ran Dehou, Taiping.
Chigawo ndi boma mvula inanyambita kalekale.
M'munsimo zidindo zinayi zathithikana,
ndipo pambali pa chilichonse dzanja lachilendo
lalemba zomwezo: kuno kulibe.

Ine ndine Qiu Zhaolin,
ndasankha makalata pano zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Taiping wathu ali m'mapiri a Sichuan,
kumene nkhungu imadzuka mochedwa ngati munthu wamatsire
ndipo tsabola amafiiritsa madenga.
Dzinali limatanthauza mtendere waukulu.
Ndili mwana ndinkayesa kuti mtenderewo
anatipatsa ife tokha, tiusunge.

Nditamera ndevu ndinapita kummwera
kukamata nsapato pafakitale.
Pamzere wa chakudya mtsikana wina kumbuyo kwanga
anauza mnzake: kwathu n'ku Taiping.
Mbale inandipulumuka.
Ndinamufunsa za mlatho wamiyala,
za galu wachikasu wa mayi wogulitsa tofu,
za mtengo umene mphezi inang'amba pakati.
Iye anangoti maso tong'o.
Kwawo kulibe mlatho woterowo.
Kuli tirigu, kuli fumbi lolowa m'mano,
kuli chisanu chosweka nacho mitsuko.
Taiping wa ku Gansu,
kumene mpunga wathu sungamere.

Tinaseka mpaka oyang'anira anatikalipira.
Patapita zaka zitatu
mlembi wa maukwati anayang'ana mapepala athu,
anavula magalasi, anavalanso,
anafunsa ngati sitili pachibale.

Lero Qiaozhen amakanda ufa m'khitchini mwathu,
ndipo mphepo ikachokera kumpoto
amaima pazenera, manja ali mbuu,
n'kunena: ndasowa ku Taiping.
Amanena zimenezi ali pakati peipeni pa Taiping,
ndipo ine ndinaleka kumukonza.

Nthawi zina usiku nditatseka ofesi
ndimatsegula buku la makeyala, ndiwerenge.
Wina ku Hunan, wina ku Shandong,
wina ku Guangdong kumene nthochi zimapsa,
ndipo m'Sichuan mwathu momwe muno
si ife tokha.
Ndimagona ndisanamalize.
Ndimaganiza za amene anatcha mainawa,
anthu otupa mapazi, othawa utsi,
akutula mitolo pansi pa phiri losadziwika
n'kutcha malowo chinthu chimene analibe.
Palibe anabera mnzake dzina.
Anangotopa mofanana.

Phukusili ndaligwedeza, silinalire.
Ndalipapasa: nsapato zansalu,
phazi lalikulu, pansi pake pokhuthala,
zosokedwa ndi munthu amene ankadziwa
kuti wovalayo amayenda mtunda.

Ndafunsa ku msika, ndafunsa wometa,
ndafunsa ndi mlonda wa sukulu amene amadziwa aliyense.
A Ran alipo atatu kuno.
Mmodzi ali kumanda chaka chachisanu ndi chimodzi,
wina ndi mayi woweta abakha,
wachitatu sanamere ndi mano omwe.

Ndiye ndapuma pa chidindo changa, chinyowe,
ndadinda chachisanu pakona pomwe panatsala.
Koma cholembera chakana kulemba kuno kulibe.
Ndalemba kuti: sanafike kuno.
Yesani wa ku Hunan.
Chingwe chinayamba kutha, ndamanganso china pamwamba pake.

Galimoto ya makalata imanyamuka dzuwa lisanatuluke.
Ndaika phukusi pamwamba pa matumba onse
kuti lisaphwanyike,
ndipo ndauza dalaivala atseke bwino lona
poti kutsogoloku kukuoneka mvula.
Iye wafunsa: likupita kuti?
Ndamuyankha: ku Taiping.
Wayang'ana chikwangwani cha pakhomo pathu,
wayang'ana ine,
kenako waliza injini.