Kodi Zimawerengedwa?

Koyamba ndinalembetsa Lachiwiri, pa foni ya mlamu wanga,
nditakhala pakhonde la okala pa Chitakale,
netiweki ikuchita ngati mlendo wamanyazi,
kusuzumira pakhomo n'kubwerera.
Kabwalo kaja kanazungulira pagalasi la foni,
kanazungulira ngati mbuzi yapachingwe.
Ndalama inachoka, uthenga sunabwere.
Ndinafafaniza.

Kachiwiri tsiku linaperekedwa,
koma dzina linatuluka la mwiniwake:
Felesita m'malo mwa Felesiya.
Chilembo chimodzi basi.
A Muhiwa, ondiphunzitsa, anapukusa mutu:
musapite nalo limeneli,
akakubwezani pachipata, ya basi mutadya kale.
Ndinafafanizanso.

Kachitatu silinali vuto langa.
Galimoto ya sukulu, yotuwa ija ya L wofiira kumbuyo,
mabuleki ake ankalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo.
Makaniko wa ku Luchenza anati bwerani nayo Lolemba.
Lolemba anali kumaliro.
Lachinayi zipangizo zinali zikadali m'njira.
A Muhiwa anafufuta tsiku la galimoto,
ine ndinafufuta langa,
tonse tili chiimire pansi pa mtengo wa mapeyala,
chiperoni chikutinyowetsa mapewa.

Tsono mlamu wanga, mwini foni uja,
wayamba kuuza anthu kutchalitchi:
alamu anga alephera katatu.
Amanena moseka, zala zitatu m'mwamba.

Ine ntchito yanga n'kuwerenga.
Zaka zisanu ndi zinayi ndili pasikelo ya esiteti,
kulemba makilo a tiyi m'buku lachikuto chobiriwira.
Dengu lomwe silinakwere pasikelo sindililemba.
Masamba otayikira m'njira, ngakhale anathyoledwa ndi thukuta,
alibe mzere m'buku langa.
Nanga ine ndinakwera liti pasikelo?
Woyesa uja nkhope yake sindiidziwa.
Sanandionepo ndikuponda kilatchi,
sanamvepo giya yachiwiri ikukukuta mano m'dzanja langa.
Munthu angagwe bwanji mumtengo womwe sanakwere?

Komabe usiku, ndikazimitsa nyali,
buku lina limatseguka lokha.
Masiku atatu a tchuthi omwe ndinapempha kwa kapitawo,
iye anawalemba, sanawafafanize.
Ndalama ya koyamba ija ikuyendabe m'mawaya,
akuti dikirani masiku ogwira ntchito,
ngati kuti ena onsewa timakhala tikusewera.
Nsapato zafulati zomwe ndinagula pa Limbuli
kuti phazi lizimva buleki bwino
zayamba kale kutha kuchidendene.
Izi zonse zawerengedwa.

Ndinafunsa mtsikana wa pakauntala ya sukuluyo:
kodi zofafanizazi zimalowa m'chiwerengero?
Anayang'ana kompyuta, anayang'ana ine,
anati mwina ayi, koma mwina makina amasunga.
Amasunga chiyani, mwana iwe?
Anangokweza mapewa, n'kupitiriza kudya chinanazi chake.

Lamulungu masana, mpira usanayambe,
a Muhiwa amandiikira njerwa zinayi pabwalo la sukulu.
Ndimalowa chambuyo pang'onopang'ono,
phiri lonse la Mulanje litadzaza kagalasi kam'mbali,
ana a m'mudzi akukuwa, bwerani, bwerani, basi!
Sabata yatha sindinagunde njerwa ndi imodzi yomwe.
Panalibe wolemba.
Mwana mmodzi wopanda malaya anaomba m'manja kawiri
n'kuthamangira mpira.

Lero ndagula foni yangayanga, yakale koma yanga.
Ndakwera kachulu ka kuseri kwa fakitale
komwe netiweki imati yagwirako.
Dzina ndalilemba chilembo ndi chilembo,
ya, osati ta.
Mlamu akafunsa ndidzati n'koyamba.
Kapitawo akafunsa, iye ali ndi buku lake.
Kabwalo kaja kayambanso kuzungulira,
ndipo chala changa ndachibisa m'thumba
kuti chisafulumire.