Umboni wa Wothirira Bwalo

Ntchito yanga ndi kuthirira udzu wosamera.
Kapeti wobiriwira, wapulasitiki,
amamwa madzi kuposa dimba la repu
kuti kampira kolimba ngati mwala
kaziyenda mosapunthwa.
Anzanga a ku Matero amandiseka. Aseke.

Zondwayo anafika kuno ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
patapata wina wabuluu, wina wofiira,
atakwawa pansi pa waya kutsata madzi akumwa.
Anamwa papaipi yanga. Kenako anatola ndodo
imene mwana wa bwana wina anataya atakwiya,
nafunsa: mdala, ngowe iyi amakolera chiyani?

Hoke, ndinatero. Dzinalo sankalidziwa.
Patatha mvula zitatu, dzinalo linamudziwa iye.
Ankathamanga chowerama ngati wosesa pakhomo,
mpira utakanirira kundodo
ngati nkhupakupa pakhutu la galu,
otchinga kumbuyo n'kutsala akuyang'anana.
Makondakitala a ku Mandevu, osadziwa ndi lamulo limodzi lomwe,
ankaimitsa basi kumpanda kuti aone nambala 9.
Kunabwera kalata yachidindo,
akuti kutsidya kwa nyanja akumufuna.
Mayi ake, a Tisauke, anaisunga m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi khadi la ubatizo.

Bondo linathyoka Loweruka, mu Ogasiti,
mphepo ikuulutsa fumbi ndi majumbo.
Tsikulo madzi anavuta, pampu inatsokomola kawiri,
ndinathirira theka la bwalo.
Anagwera kutheka linalo.
Izi sindinauzepo munthu.

Kuchipatala anam'patsa mapiritsi oyera.
Mapiritsi anatha, ululu sunathe.
Wina anamuonetsa botolo la mankhwala a chifuwa,
lotsekemera,
ndipo botolo linamuonetsa njira ya ku Chibolya
kumene utsi wa pakapepala konyezimira
umagoneka munthu ali chiimire.
Mamendulo anapita. Nsapato zinapita.
Ndodo ndinaiona ku Soweto, pakati pa mipini ndi makasu,
mayi wina akufunsa ngati ingapunthe nyemba.

Usiku umene pampu inabedwa
ndinamuona. Mwezi unali mbee.
Ndaninso wina amatsimphina mwendo wamanzere
koma n'kumathamangabe chowerama?
Mlonda anam'menya ndi chitsulo, diso silionanso.
Kukhoti anandifunsa: mukumudziwa?
Ndinati, kuyambira ali ndi mapatapata osiyana.
Woweruza sanaseke.
Zaka zisanu ndi ziwiri.

Ku Chimbokaila ndimapita mwezi ukatha
ndi sopo, shuga, buledi wodula kale.
Mano awiri akutsogolo kulibe.
Manja amanjenjemera, koma akagwira waya
lamanzere limakhala pamwamba, lamanja pansi,
monga ankagwirira muja.
Za kukhoti sitikamba.
Amafunsa za mayi ake, ndimanama pang'ono.
Amafunsa amene akuvala 9.
Kamnyamata ka ku Chaisa, ndimatero,
kaulesi, sikabwerera kukathandiza kumbuyo.
Amaseka mpaka kutsamwa.
Akuti m'katimo amakankha chivindikiro cha botolo
ndi mtengo wa tsache
ndipo palibe amene wam'landa.

Mwezi wathawu anandiyang'ana nthawi yaitali.
Mdala, bwalo lija mumathirirabe?
Ndinati eya.
Lonse?

Belu linalira.
Woyang'anira anagogoda waya ndi kiyi,
alendo tonse tinatuluka ngati mbuzi pachipata.

Ndinakwera basi ya ku Matero
yankho lili pakhosi ngati munga wa nsomba,
kondakitala n'kundifunsa kawiri ndalama
imene inali kale m'dzanja langa.

Mawa ndilawirira.
Pampu yatsopanoyi ndi yamphamvu,
imafikitsa madzi m'ngodya zonse zinayi,
komabe pali malo ena, kufupi ndi golo la kumadzulo,
pamene ndimaima ndi paipi
ana atayamba kale kukuwa kuti mdala tachokani tiyambe,
mpaka madzi atalowa m'nsapato.