Telala wa Mizu

Zaka makumi awiri ndinayeza ziuno za anthu
pakhonde la golosale ya a Kamzingeni, pa Kamuzu Road kuno ku Salima,
mpaka kaunjika anandilanda makasitomala,
makina anga n'kuyamba kuchita dzimbiri.
Ndiye anabwera Mwanaisha, namwino wa ku Khombedza,
wopanda nsalu ya ukwati, wopanda zipi yothothoka.
Akuti: Landilodi wakana khasu pabwalo pake,
ndisokereni dimba.

Ndinaseka mpaka tepi inagwa m'khosi.
Koma njala sinaseke nawo.

Loyamba ndinasoka ndi thumba la feteleza.
Dzuwa lathu lino linalinyambita miyezi itatu,
tsiku lolinyamula linangoti phwaa ngati ufa,
dothi kumapazi, tomato miyendo m'mwamba.
Chiguduli chinapuma bwino, inde,
koma chiswe chinamva fungo, n'kuitana abale ake.
Jumbo yakuda ndiye musanene:
mizu inazungulira m'katimo ngati mbuzi pachingwe,
masana n'kuphikika.

Ndinaphunzira ndili ndi imvi kale
kuti muzu umafuna nsalu yomwe munthu amafuna mu Okutobala:
yolola mphepo, yosasunga thukuta,
yolimba pamsoko.
Muzu ukafika pansalu n'kumva mpweya
umaima, suumirira,
umabwerera kukabala timizu tina m'kati.
Ndikudziwa anthu ambiri amene zimenezi zinawakanika.

Tsopano ndifunseni muyezo.
Mpiru ndi mwana wa sitandade wani,
kuya kwa chikhatho ndi theka, wakhuta.
Anyezi safuna dzenje, amafuna bwalo
loti akhale ndi anzake osagundana mapewa.
Tsabola, ndowa imodzi ya dothi.
Tomato ndiye bwana: ndowa ziwiri, ndipo musamunamize.
Mukamupanikiza m'kathumba ka tsabola
pofika leveni koloko walefuka kale,
kumumwetsa kawiri patsiku ngati wodwala,
zipatso zake ngati maso a nkhuku.
Lalikulu mopitirira nalonso ndi tsoka.
Bambo wina wa ku Chipoka anafuna la mawilibala atatu,
lili pomwe analiika mpaka lero,
madzi ogula pampopi akuthera m'dothi lopanda muzu.

Zogwirira ndimazibwereza katatu, ulusi wa nayiloni.
Wa thonje umaola mvula isanathe.

Mwezi wa Epulo Mwanaisha anabweretsa jinzi yopindidwa bwino,
ya mwana wake Twaibu, amene anapita ku Joni
chaka chija madzi anasefukira,
foni yake n'kusiya kulowa.
Chiuno sate-thuu. Ndinaikumbukira.
Ndine ndinaifupikitsa, mnyamatayo ataima pomwepa,
akung'ung'udza kuti ndikumuchedwetsa.
Sitinayankhule zambiri.
Ndinadula miyendo, ndinaiphwasula m'misoko, ndinalumikiza,
matumba akumbuyo ndinawasiya momwemo,
akuti aziikamo njere.
Inalowa ndowa ziwiri ndendende.

Sabata yatha kalata ya transifa inafika: Dwangwa.
Lole inadutsa pano m'mawa,
matiresi, mbaula, njinga yopanda tcheni,
ndipo pakona, womangidwa ku nsungwi,
tomato wa m'jinzi uja,
akugwedeza mutu pa hampu iliyonse,
zipatso zisanu zikadali zobiriwira.

Ndamva kuti landilodi anakayendera bwalo lake
kufunafuna pokumbidwa kuti adule dipoziti.
Anapeza timabwalo tonyowa pasimenti,
tinauma asanamalize kutiwerenga.

Ine ndabwerera pamakina.
Pali oda ya therere,
ndipo sindinadziwebe kuti limavala saizi yanji.