Chilembo cha Kutsidya

Idafika m'katoni ya sopo, pa minibasi ya m'mawa.
Nditatsegula ndidathamangira kondakitala:
Mwandithyolera katundu!
Zibenthu ziwiri, kachingwe pakati ngati mchombo.
Sungeni pa foni adaseka mpaka kutsokomola:
Azakhali, kiyibodi imeneyo idabadwa choncho.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikutayipa pano pa Lizulu,
kuseri kwa ogulitsa kabichi, chitseko chobiriwira.
Makalata ofunsira ntchito, mayeso a sitandade sikisi,
mapangano a ngongole, mbiri za amene atisiya.
Ndidayamba ndi makina a riboni,
olira ngati matalala pa malata.
Lero ndi laputopu ya pakaunjika,
ndipo dzanja lamanja layamba kundiwerengera zaka.

Mu Juni, chifunga chikatsika m'phiri,
mkono umachita dzanzi kuyambira pachigongono.
Kabwalo kosalala kaja, kunsi kwa mabatani,
sikamva chala chozizira.
Ukasisita, kamuvi kali phee.
Uuzire mpweya m'manja, uyesenso,
kamuvi kathawira kungodya
katafufuta dzina la mwini kalata.

Ndidagula mbewa ya chingwe pa depoti ku Ntcheu.
Tebulo langa ndi la paini, lodzaza mfundo,
mbewa ikafika pamfundo imalumpha mizere itatu.
Ndidaiyalira chikuto cha kope,
kenaka kalendala ya sitolo ya feteleza.
Idakhala miyezi inayi, mchira nkuduka.
Ya mabatire idandidyera ndalama ya makandulo.
Kanjere kofiira kali pakati pa G ndi H,
kangati tsabola wa kambuzi,
a Dzonzi a kusukulu amakatamanda.
Ine kadangondisiyira kadzenje pachala.

Kuchipatala adandipinda dzanja uku ndi uku, nati:
Mayi, manjawa mwawapanikiza nthawi yaitali,
anthu anayi pampando wa atatu.
Apatseni malo.

Ndiye ndi izi.
Chibenthu kumanzere, chibenthu kumanja,
monga msewu wathuwu: uku Malawi, uko Mozambiki.
Pakati ndaika kapu ya tiyi
ndi kampira kamene Sungeni adaponyamo m'katonimo,
kofanana ndi kachewere wa mbewu,
kokhala m'chisa chake. Sikayendayenda patebulo.
Chala chikakagubuduza, kamuvi kamamvera.
Mapewa adatsika okha.
Sindinkadziwa kuti ankakhala m'makutu.

Koma tsiku loyamba lomwelo ndidagwidwa.
Zaka zonsezi B ndinkamutola ndi dzanja lamanja,
kulima munda wa kutsidya osadziwa.
Tsopano chala chikapita chimapeza thabwa. Go!
Pepala la maliro a bambo Kamphambale lidatuluka chonchi:
Miri ya malemu.
Adali amo wa ana asanu ndi awiri,
wokonda anja lake, woweta muzi.
Mwana wawo wamkazi adawerenga, nandiyang'ana,
naseka koyamba chichokereni Lachiwiri,
kenaka misozi,
kenaka: Konzani, mayi, galimoto ikudikira.

Ndidakonza. Pepala lina, inki yanga.

Ino ndi sabata yachitatu.
Lamanzere laphunzira kutola B wake,
monyinyirika, ngati mwana wotumidwa kukugwa mvula.
Usiku mkono sundidzutsanso kawiri, kamodzi kokha.
Ana a sukulu amasuzumira pazenera
kuona mayi wotayipa pa chinthu chothyoka.

Lamanja nthawi zina limawolokabe,
makamaka madzulo, babu likayamba kuphethira,
ndikuthamangira kusunga ntchito magetsi asanathawe.
Ndimalimva likugogoda thabwa pafupi ndi kapu,
pamalo pamene B ankakhala,
ndipo sindilikalipira.
Nanenso mafuta ophikira ndimakagula tsidya lija
akatchipa.